Dzuwa Likamalowa pa Chongwe: Mbiri ya Cithunzi Cimene Agogo Athu Analibe

Acinyamata anzanga, pamsonkhano uliwonse umene umatha dzuwa litapendeka, simulephera kuona anthu atatu kapena anai atatembenukira kumadzulo, mafoni ali m'mwamba. M'mawa mwake zithunzi zija zimazungulira m'gulu lonse, ndipo mwini wake amayamba kudandaula kuti sizinatuluke monga momwe kunaliri. Kufiira kulipo, dzuwa lilipo, mtengo ulipo, koma cija cinamugwira mtima palibe. Dandaulo limeneli si lalero ai. Lakhala pakamwa pa ojambula zithunzi kwa zaka zoposa 180, ndipo ena mwa oyamba kukumana nalo anagonapo usiku umodzi m'mphepete mwa mtsinje wathu womwe uno wa Chongwe.

Koma poyamba citani ici. Pemphani amai kapena agogo kuti akutulutsireni albamu yakale, ija imakhala pansi penipeni m'sutikesi. Mudzapezamo ukwati, ubatizo, kwaya itavala yunifomu, atate ataima monyadira pambali pa njinga yatsopano. Funanimo cithunzi ca kulowa kwa dzuwa. M'nyumba zambiri simudzacipeza ngakhale cimodzi. Kodi makolo athu analibe maso oona kukongola? Anali nao, ndipo thambo la madzulo anali kuliwerenga bwino koposa ife, pakuti mbeu zao zinadalira pa ilo. Cinenero cathu comwe cimacitira umboni: mbali ya dziko kumene dzuwa limalowera tinaipatsa dzina la nthawi, kumadzulo, monga tinacitira ndi kum'mawa. Zimene zinalepheretsa cithunzi cija ndi ziwiri, makina ndi ndalama. Tiyambe ndi makina.

Kamera yosaona kufiira

Kujambula zithunzi, kapena kukopa monga timanenera kuno, kunalengezedwa ku dziko lonse mu 1839 mumzinda wa Paris, pamene boma la France linaulula njira ya Louis Daguerre. Patangopita zaka 19, mu 1858, makamera anali atafika kale pa mtsinje wa Zambezi m'katundu wa ulendo wa David Livingstone. Nchito yojambula inapatsidwa kwa mng'ono wake, Charles Livingstone, koma sanaidziwe kwenikweni, ndiponso kutentha kwa m'cigwa kunali kuononga mankhwala. Amene zinamuyendera bwino ndi dokotala wa ulendowo, John Kirk, mnyamata wa ku Scotland wodziwa za zomera. Iye anali kugwiritsa nchito pepala lopaka phula ndi mankhwala a siliva, ndipo zithunzi zake za mitengo ya mlambe, nyumba ndi ngalawa zili m'gulu la zithunzi zoyambirira za cigwa ca Zambezi.

Mu 1860 amuna atatuwa anayenda pansi kucokera ku Tete kulowera kumadzulo, kubweza kwao Makololo amene anaperekeza Livingstone zaka zinai m'mbuyomo. Kumayambiriro kwa Julayi anafika pa mtsinje wa Chongwe, kufupi ndi kumene umathira mu Zambezi, nagona m'mbali mwake. Kirk anali ndi zaka 27 cabe, msinkhu wa ambiri a inu. Taganizirani madzulo a tsikulo: mwezi wa cisanu, mapiri akuda kumbuyo, madzi atasanduka ngati mkuwa. Ngakhale akanaimika kamera pamcenga nthawi yomweyo, sakanatengapo kanthu.

Cifukwa cake ndi ici. Kuwala kwa dzuwa, kumene timakuona ngati koyera, kuli ndi mitundu yonse ya utawaleza. Mpweya umamwaza mtundu wa buluu mosavuta koposa wofiira, ndipo n'cifukwa cake thambo la masana limakhala la buluu. Wasayansi wa ku England, Lord Rayleigh, anafotokoza zimenezi ndi masamu mu 1871. Dzuwa likatsikira pansi penipeni, kuwala kwake kumadutsa mumpweya woculuka kuposa nthawi 30 poyerekeza ndi pamene lili pamutu. Buluu amathera m'njira, ndipo cimene cimatifika ndi cikasu ndi kufiira. Tsono tsoka linali lakuti mankhwala a siliva a masiku amenewo anali kumva buluu yekha. Kwa iwo kufiira kunali mdima. Amene analowapo m'cipinda cotsukiramo zithunzi zakuda ndi zoyera akumbukira nyale yofiira imene inali kuyaka m'menemo. Inali kuyaka popanda kuononga kanthu cifukwa pepala silinali kuiona. Conco mitundu imene imapanga kulowa kwa dzuwa ndiyo yomweyo imene kamera sinali kuiona. Onjezanipo kuti pepala la Kirk linali kufuna mphindi zingapo kuti ligwire cithunzi ngakhale masana, pamene kuno kwathu dzuwa likakhudza phiri silikhalitsa.

Motero kwa zaka zambiri wopambana anali munthu wa bulashi ndi utoto. Mu 1862 James Chapman anayesa kujambula mathithi a Mosi-oa-Tunya ndi kamera nalephera, pamene mnzake wa paulendo, Thomas Baines, anabwerako ndi zojambula pamanja za mitundu yonse, zimene zinasindikizidwa ku London mu 1865.

Amuna atatu ndi thambo

Kutsidya kwa nyanja ena sanagonje. Ku France, Gustave Le Gray anaona kuti akapima kuwala kuti nyanja ioneke bwino, thambo linali kutuluka loyera mbee ngati pepala losalembapo. Akapimira thambo, nyanja inali kuda bii. M'zaka za 1856 ndi 1857 anapeza nzeru. Anajambula kawiri, kamodzi thambo, kamodzi madzi, ndipo potsuka analumikiza magalasi awiriwo pa pepala limodzi. Anthu a ku London ndi Paris anazizwa poona mitambo yolemera ndi kuwala kukusefukira pa mafunde. Nthawi zina thambo limodzi lomwelo analiika pamwamba pa nyanja zosiyana. Kodi silinali bodza limeneli? Mwa njira ina linali. Komabe Le Gray anazindikira msanga cinthu cimene ife timacizindikira mocedwa: diso la munthu ndi kamera siziona mofanana, ndipo wojambula ayenera kusankha cimene afuna kuti cioneke ndi cimene alola kuti cimire mumdima. M'kusankha kumeneko ndimo mumabadwira cisoni kapena cimwemwe ca cithunzi.

Waciwiri sanagwire kamera n'komwe. Pa 27 Ogasiti 1883 phiri la Krakatoa ku Indonesia linaphulika ndi mkokomo umene unamveka kutali makilomita oposa 4,000. Phulusa ndi mpweya wake zinakwera m'mwamba kwambiri ndi kuzungulira dziko lonse, ndipo kwa miyezi yambiri madzulo anali ofiira mocititsa mantha. Mu Novembala caka comweco, m'matauni ena a ku America ozimitsa moto anathamanga ndi zida zao poganiza kuti kwinakwake kukupsa. Kamera inali ndi zaka 44, koma pa madzulo amenewo sinathandize konse. Cimene tili naco lero ndi nchito ya William Ascroft, amene madzulo ndi madzulo anali kukhala m'mbali mwa mtsinje wa Thames ku Chelsea, nalemba thambo mofulumira ndi coko ca mitundu, pepala lina pambuyo pa linzake. Anasiya zojambula zoposa 500, ndipo anali kulembapo tsiku ndi nthawi yake. Sungani mfundo yomalizayi, tidzaifunanso.

Wacitatu ndiye amene ndimamukonda koposa. Alfred Stieglitz wa ku New York anayamba mu 1922 kuloza kamera yake kumwamba ndi kujambula mitambo yokhayokha. Magalasi omva mitundu yonse anali atayamba kugulitsidwa mu 1906, conco mitambo tsopano inali kuoneka bwino, ngakhale cithunzi cinali cikali cakuda ndi coyera. Kwa zaka zoposa 10 anajambula zithunzi zoposa 200 pa timapepala tokwana m'dzanja, nazicha Equivalents, kutanthauza kuti ciliconse cinali cofanana ndi cimene cinali mumtima mwake. Zaka zoyamba za nchitoyi zinali zowawa kwa iye. Amai ake anamwalira mu 1922, ndipo caka cotsatira mwana wake wamkazi anadwala matenda a maganizo. Zithunzi zina ndi zakuda zolemera, dzuwa likuoneka ngati kadontho kofooka kuseri kwa mitambo. Zina ndi zopepuka ngati thonje. Mulibe kufiira ngakhale pang'ono, koma woziona amamva kulemedwa pa izi ndi mpumulo pa izo. Apa mpamene ndifuna muime pang'ono. Ngati munthu anatha kuonetsa cisoni ndi thambo lopanda utoto, ndiye kuti cimene cikusowa m'foni mwanu si kufiira koonjezera.

Mitundu inafika, koma inali yodula

Zithunzi za mitundu zinayamba kugulitsidwa mu 1907, pamene abale awiri a banja la Lumière ku France anatulutsa Autochrome, galasi lowazidwa tinjere ta ufa wa mbatatesi tonyikidwa mu utoto. Mu 1935 kampani ya Kodak inatulutsa filimu ya Kodachrome, imene anaipanga oimba awiri, Leopold Mannes ndi Leopold Godowsky. Kuyambira pamenepo munthu wokhala ndi ndalama anatha kutenga kufiira kwa madzulo ndi kupita nako kunyumba. Panali patapita zaka 96 cibadwire kamera.

Kuno kwathu kamera inabwera m'manja mwa amishoni, aboma ndi aphunzitsi. Mishoni ya Kasisi inayambidwa mu 1905 ndi Bambo Jules Torrend wa cipani ca Ajezuiti, ndipo sukulu yophunzitsa aphunzitsi inasamukira ku Chalimbana kucokera ku Mazabuka mu 1939. M'malo otere cithunzi cinali umboni. Cinali kupita m'lipoti kapena m'kalata kukaonetsa kuti nyumba yamangidwa, ana alipo akutiakuti, kalasi yatsiriza. Anthu anali kuima pamzere dzuwa lili pamutu, manja m'mbali, osamwetulira. Palibe anali kufunsa kuti madzulo a tsikulo anali otani.

Pambuyo pake kunabwera masitudiyo a mu Lusaka, ambiri a iwo a amwenye, kumene anyamata a dziko lino anaphunzirira kutsuka zithunzi. Mmodzi wa iwo ndi Alick Phiri, amene anadzatsegula Kwacha Photo Studio ku Kanyama, ndipo zithunzi zake zakuda ndi zoyera za anthu wamba zaonetsedwa m'zionetsero m'zaka zaposacedwa. Ndiyeno kunabwera munthu amene makolo anu akumudziwa bwino: kameramani wa panjinga, wofika pa Sande chalichi citatuluka, kamera ili lendee pakhosi. Filimu imodzi inali ndi malo 24 kapena 36, osapitirira. Munali kupereka theka la ndalama, ndi kudikira mpaka filimu idzale, ipite ku Lusaka, makilomita 45, ikatsukidwe. Nthawi zina anali kubwera ndi uthenga wakuti zapsa. M'macitidwe otere, ndani akanalipira cithunzi copanda munthu? Ndani akanataya malo amodzi mwa 36 pa thambo limene mawa lidzakhalaponso kwaulere?

Ndiponso lamulo la kameramani linali losiyana kotheratu ndi la wojambula kulowa kwa dzuwa. Iye anali kufulatira dzuwa, inu ndi kuliyang'ana. Anali ndi cifukwa. Filimu sinali kutha kusunga thambo lowala ndi nkhope pa nthawi imodzi, ndipo pa khungu lakuda vutoli linali lokulirapo, pakuti kwa zaka zambiri makina otsukira zithunzi za mitundu anali kupimidwa ndi khadi la Kodak lokhala ndi cithunzi ca mkazi wacizungu, lochedwa Shirley. Conco bwererani ku albamu ija mukayang'anitsitse. Dzuwa la madzulo lilimo ndithu, koma lili pa anthu. Lili m'maso otsinzinira a amai, m'mithunzi yaitali yogwera pakhoma, ndipo nthawi zina mumthunzi wa kameramani mwini wake, utagona pa mapazi a mkwatibwi.

Amene anali ndi filimu yotaya pa thambo anali alendo. Malo osungirako nyama a Lower Zambezi anakhazikitsidwa mu 1983, ndipo malire ake a kumadzulo ndi mtsinje womwe uno wa Chongwe, kumunsi ku dera la Chiawa. Kucokera m'malo otere kwatuluka zithunzi zimene mwaziona pa makalendala ndi m'mabuku oitana alendo: dzuwa lalikulu lofiira, mtengo umodzi, njovu kapena bwato. Ndi zokongola, sindikana. Koma taonani cimene zimanena. Zimanena za dziko labata, lopuma, lopanda munthu wolima, wotunga kapena wodikira basi. Amenewo ndi maganizo a munthu amene ali pa ulendo wopumula. Cimene cimandidetsa nkhawa n'cakuti ife, titalandira kamera m'thumba, timathamangira kujambula cithunzi comweco, mtengo womwewo, ngati kuti madzulo athu tinawabwereka kwa mlendo.

Thambo limodzi, mitima iwiri

Madzulo a pa Chongwe si amodzi. Amasintha ndi miyezi, ndipo mwezi uliwonse uli ndi kulemera kwake.

Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala thengo limapsa, fumbi limakwera, ndipo utsi umakuta dziko lonse kucokera ku Angola ndi Congo mpaka kuno. Mu Ogasiti ndi Sepitembala 2000 asayansi a maiko ambiri, pamodzi ndi bungwe la NASA, anabwera ndi ndeke kudzapima utsi umenewu pa kafukufuku wochedwa SAFARI 2000. Mongu anali amodzi mwa malo opimirapo, ndipo anaona utsiwo ukuyenda ngati mtsinje kulowera ku nyanja ya Indian. Ambiri amaganiza kuti utsi ndiwo umakongoletsa thambo. Zoona zake n'zakuti utsi wambiri umazimiriritsa mitundu. Dzuwa la Sepitembala limasanduka mpira wofiira wopanda mphamvu, thambo ndi kukhala lotuwa ngati phulusa, ndipo kawirikawiri dzuwalo limazimirira lisanafike n'komwe pa mapiri. Kwa mlendo ndi cithunzi ca mtendere. Kwa mwana wa kuno ndi cithunzi ca kutopa: zitsime zatsika, mtsinje wasanduka mathawale, ng'ombe zaonda, nkhokwe yayamba kumveka pansi.

Ndiyeno kumapeto kwa Okutobala timitambo toyamba timaonekera. Ndi nthawi yomweyo imene Asoli amasonkhana kwa mfumu yaikulu Nkomeshya pa mwambo wa Chakwela Makumbi, kutanthauza kukoka mitambo, pamene mfumu imapempha mvula ndi kubzala mbeu zoyamba. Mtambo umodzi wofiira m'mwezi umenewo si cokongoletsa ai, ndi lonjezo. Mvula ikagwa ndi kutsuka mpweya, m'pamene kumabwera madzulo owala koposa onse, mitambo yapamwamba ikuyaka cikasu, kufiira ndi kufiirira pamwamba pa cimanga cobiriwira.

Tsopano taganizirani zimene zinacitika mu 1991. Pa 15 Juni phiri la Pinatubo ku Philippines linaphulika ndi kuponya m'mwamba matani oposa 15 miliyoni a mpweya wa sulufule. Monga zinalili ndi Krakatoa, madzulo a m'maiko ambiri anakhala ofiira modabwitsa kwa nthawi yoposa caka, ndipo ulendo uno makamera a mitundu analipo ambiri. Koma m'miyezi yomweyo kuno kum'mwera kwa Africa mvula ya 1991/92 inadula pakati. Asayansi amagwirizanitsa cilala cimeneco ndi El Niño, kutentha kwa madzi a nyanja ya Pacific. Cimanga cinauma cisanabereke, ndipo boma latsopano la Frederick Chiluba, limene linali ndi miyezi yocepa cabe, linaitanitsa cimanga cacikasu kucokera kunja. Funsani aliyense wa zaka zoposa 45 za nsima yacikasu ya 1992, mudzaona nkhope yake ikusintha. Munthu amene anajambula thambo loyera lofiira mu Febuluwale 1992 ali pa khonde la hotela anatenga cithunzi ca ulemerero. Mlimi wa kwa Nkomeshya amene anayang'ana thambo lomwelo anaona njala ikubwera. Kufiira kunali kumodzi. Kukanakhala kuti wojambula anatsitsa kamera pang'ono ndi kulola masamba opota a cimanga kulowa m'munsi mwa cithunzi, cikananena zoona za mwezi umenewo.

Ife a msinkhu uno sitifunikanso kuuzidwa. Tinaziona tokha mu 2024. Pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi ngozi ya dziko lonse, mahekitala a cimanga pafupifupi 1 miliyoni ataonongeka. M'miyezi yotsatira madzi a ku Kariba anatsika, magetsi ndi kumazima maola ambiri patsiku, kotero kuti kulowa kwa dzuwa kunabwereranso ku tanthauzo lake lakale: mdima weniweni, homuweki yolembera pa kandulo. Ndaona zithunzi zambiri za thambo la caka cimeneco m'mafoni a anzanga. Zocepa kwambiri ndi zimene mungazisiyanitse ndi za caka ca zokolola zambiri.

Malo naonso amanyamula zao. Mu Novembala 1979, pamene zokambirana za ufulu wa Zimbabwe zinali mkati ku Lancaster House mu London, asilikali a Rhodesia anaphulitsa milatho ingapo m'dziko muno, ndipo umodzi unali wa pa Chongwe, pa mseu wa Great East. Mukaima pamlatho madzulo ndi kujambula madzi ofiira, mnzanu wa ku Chipata adzati n'zokongola. Agogo amene anamva kuphulika kuja adzaona cina. Ndipo mukawaimika iwo pamenepo, atagwira citsulo ca mlatho, nkhope yao itamira mumdima monga nyanja ya Le Gray, ngakhale wosadziwa mbiriyo adzamva kuti pamalopo pali nkhani.

Kamera m'thumba la aliyense

Pa 21 Juni 2001, ambiri a ife tisanabadwe kapena tili kumsana, dzuwa linalowa masana. Kadamsana wathunthu anadutsa pa Lusaka ndi madera ozungulira itangopitirira 3 koloko, ndipo mdima unakhala mphindi zitatu ndi pang'ono. M'munsi mwa thambo munafiira mbali zonse ngati madzulo ozungulira. Alendo anadza ndi makamera akuluakulu, ndipo zithunzi zao za dzuwa lakuda lozingidwa ndi mphete yoyera zimafanana ndi za kadamsana wina aliyense. Zimene zimakuuzani kuti kunali kuno, ndi kuti anthu anagwidwa nthumanzi, ndi zija zimene wojambula anafulatira thambo ndi kutenga nkhope zoyang'ana kumwamba.

Imeneyo inali nthawi yotsiriza ya filimu. Kamera yoyamba yosafuna filimu anaipanga Steven Sasson wa ku Kodak mu 1975, mafoni okhala ndi kamera anayamba kufala ku Japan ca m'ma 2000, ndipo mu 2009 Kodak inasiya kupanga Kodachrome. Cithunzi cimene Kirk sakanacitenga ndi cimene agogo sakanacilipira cinakhala caulere. Mu 2006 mai wina waluso wa ku America, Penelope Umbrico, anafufuza pa Flickr zithunzi za kulowa kwa dzuwa napeza 541,795. Anadulamo madzuwa okhaokha, nawasindikiza ndi kuwamata pakhoma mazanamazana. Oonera sanathe kudziwa kuti ili ndi la ndani, la dziko liti, la tsiku la ukwati kapena la maliro.

Foni yanu lero imacita yokha cimene Le Gray anacita ndi magalasi awiri. Mukadina kamodzi imajambula kangapo, zina zowala, zina zakuda, ndi kuzilumikiza m'kanthawi kocepa. Colinga cake n'cakuti ciliconse cioneke. Koma madzulo amene anakugwirani mtima sanali otero. Anali ndi mbali zakuda zimene simunathe kuona bwino, ndipo foni, pofuna kukuthandizani, imazicotsa. Conco bwezani cisankho m'manja mwanu. Dinani pa thambo, tsitsani kuwala ndi cala mpaka nthaka ide, ndipo muone mmene mitundu ikulemerera. Osayang'anitsitsa dzuwa ndi maso likali ndi mphamvu.

Kenaka dzifunseni cimene mukumva, ndipo funani cinthu ca pansi pano cimene cikunena comweco. Ngati ndi kutopa, pa mseu wa Great East pamadutsa njinga zolemedwa ndi matumba a makala, malasha monga amanenera m'tauni, zolowera ku Lusaka, kumene ndi komwe dzuwa limalowera. Ngati ndi mtendere, pali utsi wa m'khichini ukukwera coongoka, kapena ng'ombe zikulowa m'khola m'fumbi lowala ngati golide. Ngati ndi kudikira, pali mzere wa zigubu pacitsime. Munthu wamng'ono pansi pa thambo lalikulu amaoneka wosungulumwa. Munthu yemweyo mukamuyandikira mpaka adzaze theka la cithunzi amaoneka wamphamvu. Nthawi zina tembenukani ngati kameramani wakale, muone kuwala kofewa kuja pa nkhope za anzanu ndi pakhoma la njerwa. Pemphani cilolezo musanajambule munthu, makamaka wacikulire kapena amene ali pa nchito yake. Ndipo citani monga Ascroft: lembani tsiku, malo, ndi mau awiri kapena atatu onena za nyengoyo. Foni imasunga tsiku, koma siidziwa kuti mvula inali itakhala masabata atatu osagwa.

Nthawi ndiyo imene mulibe. Chongwe ali pa madigiri pafupifupi 15 kum'mwera kwa Equator, conco dzuwa limatsika coongoka, osati copendekera monga kwa Ascroft ku London kumene cisisira cimacedwa. Mu Juni limalowa ca m'ma 17:45, kumapeto kwa Januwale ca m'ma 18:40, ndipo likakhudza phiri limamira lonse m'mphindi ziwiri kapena zitatu. Ambiri amabweza foni m'thumba pomwepo, koma mitambo yapamwamba imayaka bwino dzuwa litalowa kale, patapita mphindi 10 kapena 15. Pakatha mphindi 25 kwada. Imeneyo ndi nthawi yophika nsima ya banja laling'ono, kotero mlatho, munda kapena munthu amene mufuna kuti aime patsogolo pa thambolo mumusankhiretu kukali masana.